Galimoto za Otomatiki pa Misewu ya Machinga ndi Balaka

Nkhani ya lero ikukhudza eni galimoto, madalaivala ndi amakaniko a m'maboma a Machinga ndi Balaka, pamodzi ndi anthu onse amene amadalira galimoto zing'onozing'ono zonyamula anthu pakati pa Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi Balaka. Maboma awiriwa adali boma limodzi kufikira m'chaka cha 1998, koma dzuwa lake, misewu yake ndi mavuto a galimoto zake nzofanana mpaka lero. Mwa mavuto onsewo alipo awiri amene amatha ndalama zambiri. Loyamba ndi kuwonongeka kwa giyabokosi ya otomatiki. Lachiwiri ndi kutha kwa zitsulo za kunsi zonyamula thupi la galimoto, zimene amakaniko amazitcha suspension.

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'maboma amenewa zidayamba zagwira ntchito ku Japan. M'dziko limenelo lamulo limati galimoto yatsopano iyesedwe ikatha zaka 3, ndipo kuchokera pamenepo iziyesedwa zaka 2 zilizonse. Kuyesako kumadya ndalama, kotero kuti anthu ambiri amagulitsa galimoto zawo zikadali zolimba. Zambiri mwa zimene zimabwera ku Malawi zimatsikira pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania, n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga, ndipo pofika pa Balaka zimakhala zitayenda kale makilomita oposa 1,500. Pafupifupi zonsezo ndi za otomatiki. Toyota Sienta, imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 2003, Toyota Probox ya 2002, Honda Fit ya 2001 ndi Nissan Note ya 2005 ndi mayina amene ngakhale ana a sukulu a pa Liwonde amawadziwa.

Galimoto zimenezi kwawoko zinkayenda pa misewu yosalala zitanyamula katundu wochepa. Kuno zimakumana ndi kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'miyezi ya October ndi November, zitunda za pakati pa Liwonde ndi Machinga Boma, ndiponso misewu ya fumbi yolowera ku nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Zimasenza mpunga, nandolo, thonje ndi matemba. Komabe galimoto yotere siifa mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula kwa masabata kapena miyezi, ndipo munthu amene amamva dandaulolo msanga, nafufuza gwero lake chitsulo chilichonse chisanamasulidwe, amataya ndalama zochepa. Amene amanyozera, kapena amene amathamangira kugula chitsulo chachikulu asanadziwe chimene chavuta, amataya zambiri, ndipo nthawi zina amataya ndi moyo womwe.

Mmene giyabokosi imagwirira ntchito

Giyabokosi ya otomatiki si yachilendo pa dziko lapansi. Kampani ya General Motors ya ku America idayamba kuiika m'galimoto za Oldsmobile m'chaka cha 1939. M'galimoto ya magiya a pamanja dalaivala amaponda kilatchi, koma m'galimoto ya otomatiki ntchito imeneyo imagwiridwa ndi chitsulo chotchedwa torque converter. Chitsulochi chili ngati mphika wotsekedwa wodzaza ndi oyilo, ndipo m'kati mwake muli mafani awiri oyang'anana. Injini imazunguza fani imodzi, faniyo imaponya oyilo mwamphamvu, ndipo oyiloyo amazunguza fani inayo. Kuseri kwake kuli magiya ndi makilatchi ang'onoang'ono amene amagwira kapena kuleka malinga ndi kumene pampu yakankhira oyilo. Njira za oyiloyo ndi zopapatiza kwambiri, ndipo zimatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi timavavu ta magetsi, ma solenoid, tolamulidwa ndi kompyuta ya galimotoyo.

Motero oyilo wa m'giyabokosi ali ndi ntchito zinayi. Amapereka mphamvu ya injini, amapanikiza makilatchi, amafewetsa zitsulo kuti zisadyane, ndiponso amachotsa kutentha. Oyilo akachepa, akada kapena akakhala wolakwika, ntchito zinayi zonsezi zimasokonekera pamodzi.

Pali mtundu wina wa otomatiki wotchedwa CVT, umene wafala kwambiri m'galimoto zing'onozing'ono. Kampani ya DAF ya ku Netherlands idaonetsa galimoto ya mtundu umenewu m'chaka cha 1958, ndipo nthawi imeneyo malamba ake adali a mphira. Masiku ano lamba wake ndi wachitsulo, ndipo amayenda pakati pa magudumu awiri amene amatha kufutukuka ndi kupanikizana. Lambayo amakoka pongogwira pa chitsulo chosalala, kotero amafuna oyilo wakewake womuthandiza kugwira. Akathiridwa oyilo wa otomatiki wamba, lamba amaterereka, nakanda magudumuwo, ndipo chilondacho sichipola.

Apa mpamene eni galimoto ambiri amagwa m'mbuna. Oyilo wa m'zigubu zosiyanasiyana amaoneka wofanana, koma sali wofanana. Toyota ili ndi T-IV ndi WS wa magiya wamba a otomatiki, ndiponso TC ndi FE wa CVT. Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3. Honda ili ndi HMMF ndi HCF-2. Dzina la oyilo woyenera kawirikawiri limalembedwa pa kachitsulo koyezera oyilo kapena m'buku la galimotoyo, ndipo ngakhale bukulo likhale la Chijapanizi, zilembo zimenezi zimawerengeka. Oyilo wa m'botolo lopanda dzina, wogulidwa m'mbali mwa msewu, sayenera kulowa m'giyabokosi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Zimene zimapha giyabokosi

Mdani woyamba ndi kutentha. Oyilo wa m'giyabokosi amagwira bwino ntchito pa madigiri pafupifupi 80. Akapitirira kwambiri pamenepo amapsa, nada, nayamba kununkha ngati chinthu chopserera, ndipo mphira zotsekera oyilo zimauma. M'galimoto zambiri oyiloyu amazizira pothandizidwa ndi madzi a m'rediyeta. Chotero rediyeta yotsekeka ndi fumbi ndi njere za udzu, kapena fani yosazungulira, imawononga injini ndi giyabokosi pamodzi. Galimoto yodzaza mopyola muyezo, ikukwera zitunda za ku Machinga masana a mwezi wa October, ili pa ngozi yaikulu ya kutentha kumeneku.

Mdani wachiwiri ndi madzi. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa March 2023, misewu ndi milatho yambiri ya m'chigawo cha kummwera idawonongeka, ndipo Machinga lidali limodzi la maboma okhudzidwa. Nthawi zotere madalaivala amawoloka mitsinje ndi zithaphwi zakuya. Giyabokosi ili ndi kachibowo kopumira pamwamba pake, ndipo chitsulo chotentha chikamizidwa m'madzi ozizira chimatha kuyamwa madzi kudzera pamenepo. Makilatchi a m'kati amamatidwa ndi chinthu chonga pepala lolimba, ndipo madzi akalowa chimamatuka. Madzi amathanso kulowa kuchokera m'rediyeta ngati kapaipi ka m'kati mwake kadyeka ndi dzimbiri, makamaka pamene rediyetayo yakhala ikuthiridwa madzi a pa mjigo opanda mankhwala ake. Chizindikiro chake ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Galimoto yotere siyenera kuyendanso mpaka oyilo atasinthidwa ndipo polowera madzipo patapezeka.

Mdani wachitatu ndi kayendetsedwe. Dalaivala amene amalowetsa R galimoto isanaimiretu amamenyanitsa zitsulo za m'kati. Amene amaimika galimoto pa chitunda ndi P yekha, osakoka buleki ya pamanja, amasenzetsa kulemera konse kachitsulo kosaposa chala. Amene amaika N potsetsereka kuti apulumutse mafuta amasiyira mabuleki okha ntchito yonse, ndipo mabuleki akatentha amaleka kugwira. Pa mtsetse wautali ayenera kuika L, 2, S kapena B, malinga ndi galimoto yake, kuti injini ithandize kugwira. Galimoto ikatitimira mu mchenga kapena m'matope, kuponda moto kwa nthawi yaitali kumawiritsa oyilo, ndipo nkwabwino kufukula ndi kuitana anthu okankha. Galimoto ya otomatiki siilira poikankha batire ikafooka. Siyeneranso kukokedwa mtunda wautali matayala okoka ali pansi, pakuti pampu ya oyilo imayenda pokhapokha injini ikulira.

Kufufuza kuyambe ndi zotsika mtengo

Kawirikawiri mwini galimoto amafika pa galaja nati, "Achimwene, giyabokosi yafa, tandipezerani ina." Makaniko wodziwa ntchito yake amayankha kuti, "Tadekhani kaye bwana, tiione." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kufufuza kwabwino kuli ndi ndondomeko yake.

Choyamba ndi oyilo. Galimoto iime pa malo athyathyathya injini itatentha. Pa galimoto zambiri za Toyota ndi Nissan oyilo amayezedwa injini ikulira, giya ili pa P, pamene pa za Honda amayezedwa injini itangozimitsidwa. Zina zatsopanopo zilibe kachitsulo koyezera, ndipo zimayezedwa pa bawuti ya pa giyabokosi pomwepo. Oyilo akachepa, galimoto imachedwa kunyamuka pamene dalaivala waika D, ndipo injini imalira kwambiri liwiro lisakuwonjezeka. Oyilo wa m'giyabokosi satha yekha, kotero akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha. Malo oyamba kuona ndi polowera mashafuti a matayala, m'mbali mwa beseni la kunsi ndi pa mapaipi opita ku rediyeta.

Chachiwiri ndi magetsi. Batire yofooka, waya wodyedwa ndi makoswe kapena sensa yoyeza liwiro yowonongeka zimasokoneza kompyuta. Kompyutayo ikaona vuto imatsekera galimoto m'giya imodzi kuti iteteze zitsulo, ndipo galimoto imayenda molemera ngati yafa. Pansi pa chiwongolero pali polumikizira pa mabowo 16, pamene makina ofufuzira amalumikizidwa, ndipo makinawo amaonetsa nambala ya vuto. Nambalayo imaloza koyambira kufufuza, koma siilamula kuti chitsulo chigulidwe. Waya ayesedwe kaye sensa isanagulidwe.

Chachitatu ndi zinthu zimene zimanamizira giyabokosi. Injini imene pulagi yake yafa imagwedeza galimoto ngati magiya akukana. Mphira zogwira injini zikang'ambika, pamamveka kugunda kwakukulu polowetsa D kapena R. Phokoso la "kha-kha-kha" pokhota limachokera ku CV joint ya shafuti, ndipo giyabokosi ilibe mlandu.

Chachinayi ndi kutsegula beseni la kunsi kwa giyabokosi. M'besenimo muli maginito. Phala lotuwa losalala pa maginitowo ndi kutha kwa masiku onse, ndipo sefa yatsopano ndi oyilo woyenera zimakwanira. Koma tizidutswa tonyezimira ta chitsulo, kapena makoko akuda, ndi umboni wakuti m'kati mwadyana. Pamenepo oyilo watsopano sangabweze chimene chatha. Mwini galimoto adziwenso kuti potsitsa oyilo pa bawuti ya kunsi pamatuluka gawo lina chabe, chifukwa wambiri amatsalira mu torque converter. N'chifukwa chake oyilo wakuda kwambiri amasinthidwa kawiri kapena katatu, galimoto ikuyendako pakati. Amakaniko ambiri amalangiza kuti pa ntchito yolemetsa oyilo azisinthidwa pakati pa makilomita 40,000 ndi 60,000.

Zonsezi zikaloza ku giyabokosi yeniyeni, mwini galimoto amasankha pakati pa kuikonza ndi kugula ina yogwirapo kale ntchito. Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo kwambiri, kotero kulakwitsa pogula kumapweteka. Dzina la galimoto lokha silikwanira. Sienta yoyambirira yokoka ndi matayala a kutsogolo ili ndi CVT, pamene yokoka ndi matayala onse ili ndi magiya 4. Nambala ya giyabokosi yolembedwa pa kachitsulo ka pa thupi la galimoto iyenera kufanana ndi ya imene ikugulidwa. Wogula apemphe pangano lolemba lakuti adzaibweza ikapezeka yakufa. Poiika, mapaipi ndi malo oziziritsira oyilo atsukidwe bwino, chifukwa zinyenyeswa za giyabokosi yakale zikatsalira mmenemo zimapha yatsopanoyo.

Zitsulo za kunsi

Galimoto zing'onozing'ono zambiri kutsogolo kwake zili ndi mwendo umodzi mbali iliyonse, umene shock absorber ili m'kati mwa sipuling'i. Kapangidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America, ndipo kadaoneka pa Ford Consul ya ku England m'chaka cha 1950. Sipuling'i ndiyo imanyamula kulemera. Shock absorber imaletsa sipuling'iyo kudumphadumpha kuti tayala likhale lokakamira pa msewu. Mabushi a mphira amalumikiza zitsulo ku thupi la galimoto, ball joint imagwira tayala cha kunsi n'kumalilola kukhota, ndipo tie rod imabweretsa mphamvu ya chiwongolero.

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi kadandaulidwe kake. Shock absorber yakutha imanyowa ndi oyilo, galimoto imagwada kutsogolo pogwira buleki, imapitiriza kudumpha itadutsa pa bampu, ndipo tayala limadyeka mwa zigambazigamba. Kugogoda kwapang'onopang'ono pa msewu wa miyala kawirikawiri kumachokera ku timikono ta stabiliser, tomwe mtengo wake ndi wochepa. Mabushi akang'ambika galimoto imasochera pa msewu ndipo imakokera mbali pogwira buleki. Kung'ung'udza kokula pamodzi ndi liwiro ndi kwa beling'i ya tayala. Tayala lodyeka mbali imodzi likunena kuti matayala sakuyang'ana molunjika. Poyesa, makaniko amakweza galimoto, nagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenaka kumanja ndi kumanzere. Likagwedera pamwamba ndi pansi, aone ball joint ndi beling'i. Likagwedera m'mbali, aone tie rod.

Chimene chimathetsa zitsulo zimenezi msanga ndi katundu. Probox ya katundu idapangidwa kuti inyamule makilogalamu 400 pamodzi ndi anthu awiri, ndiye kuti matumba 8 a makilogalamu 50. Sienta ili ndi mipando 7, kuphatikizapo wa dalaivala. Muyezo ukapyoledwa, masipuling'i a kumbuyo amakhala pansi, bampu iliyonse imamenya thupi la galimoto mwachindunji, ndipo kutsogolo kumapepuka kotero kuti chiwongolero ndi mabuleki zimachepa mphamvu. Katundu yemweyo ndiye akutenthetsanso oyilo wa m'giyabokosi. Ndalama ya okwera owonjezera imaoneka madzulo a tsiku lomwelo, koma imakabwezedwa ku galaja.

Eni galimoto ena amaikweza poika zitsulo pamwamba pa masipuling'i kuti isamakhule pansi. Kukweza pang'ono kumathandiza pa misewu ya kumidzi, koma kukapitirira, mashafuti amapendama, mphira za CV joint zimang'ambika, ndipo polowera shafuti m'giyabokosi pamayamba kudontha oyilo. Motero vuto la kunsi limasanduka vuto la giyabokosi.

Ball joint ndiyo yofunika kuiopa koposa. Ikathothoka galimoto ikuthamanga, tayala limapindikira m'kati kapena kunja, ndipo dalaivala sathanso kuwongolera. Pa Liwonde, pa Ulongwe ndi pa Ntaja msika uli m'mbali mwenimweni mwa msewu, ndipo akabaza, amayi ogulitsa malonda ndi ana a sukulu amayenda pomwepo. Ball joint yogwedera siyenera kuwotcheredwa kapena kukhomedwa ndi hamala kuti ilimbe. Iyenera kuchotsedwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kukonza koyenera

Ma shock absorber ndi masipuling'i asinthidwe awiriawiri, kumanja ndi kumanzere, kuti galimoto isapendame. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa n'kuima pa matayala ake, chifukwa akamangidwa ili m'mwamba mphira imapotoka ndipo imang'ambika msanga. Bushi yosema kuchokera ku tayala lakale ingathe kufikitsa munthu kunyumba, koma si yoyenda nayo miyezi. Sipuling'i ya kutsogolo imasunga mphamvu yoopsa, kotero imasulidwe ndi chida chake chopanikizira, osati ndi waya kapena chingwe. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa. Ntchito ikatha, matayala akawongoledwe pa makina ake, apo ayi matayala atsopano adzatha m'miyezi yochepa. Satifiketi ya COF ya ku Road Traffic imanena za tsiku limene galimoto idayesedwa, ndipo masiku ena onse udindo uli m'manja mwa mwini wake ndi dalaivala.

Amakaniko ambiri achikulire adaphunzira ntchito pa Peugeot 404, Land Rover ndi Bedford, galimoto zimene munthu ankatha kuzikonza ndi sipanala ndi khutu lake. Khutu limenelo likadali chuma, pakuti makina ofufuzira samva kugogoda kwa bushi. Koma giyabokosi ya otomatiki imafunanso ukhondo ndi kuwerenga. Kamchenga kamodzi kangatseke vavu, kotero siyenera kutsegulidwa pa fumbi la pa bwalo. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito za manja m'dziko muno, ndipo achinyamata a m'magalaja a pa Liwonde ndi pa Balaka angachite bwino kufunsa za maphunziro amenewa. Makaniko amene amanena poyera kuti ntchito ina yamukulira, natumiza galimoto kwa mnzake wodziwa, sataya ulemu wake.

Kwa mwini galimoto, chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi kope la sukulu losungidwa m'galimotomo. M'menemo mulembedwe tsiku, makilomita, dzina la oyilo amene wathiridwa ndi chitsulo chimene chasinthidwa, kuti makaniko wina aliyense asayambe ndi kulota. Sabata iliyonse dalaivala ayang'ane pansi pamene galimoto yagona ngati pali madontho, aone matayala, ndipo ayende kamtunda wailesi itazimitsidwa kuti amve zimene galimoto ikunena. Kawiri pa chaka, mvula isanayambe m'mwezi wa November ndiponso itatha m'mwezi wa April, galimoto ikwezedwe, matayala agwedezedwe, mphira zonse zionedwe ndipo oyilo wa m'giyabokosi anunkhizidwe. Ntchito imeneyi siitha ola limodzi, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa tayala limodzi.